Munaphunzira zaluso, mukufuna kuyendetsa mapulojekiti: mudzere kuti?

Munthu amene anaphunzira zisudzo, nyimbo kapena zojambula ku Chanco, kaya African Musicology ku MUST, kaya wakhala zaka akuphunzitsa Expressive Arts ku pulayimale, akamatsegula masamba a ntchito mu Nation kapena Daily Times amakumana ndi mayina omwewo sabata ndi sabata: Project Officer, Project Coordinator, Programme Manager. Malipiro ake amakopa ukawayerekeza ndi a pachoko. Ndiye funso limabwera lakuti, kodi ndikaphunzire chiyani kuti andiitaneko ku intavyu? Mayankho alipo angapo, koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Njira ina imangofuna bando ya intaneti, ina imafuna mamiliyoni, ndipo yodula siyo nthawi zonse imene imatsegula chitseko.

Tisanayerekeze, tione kaye chimene muli nacho kale. Ngati munakonzekeretsapo ana kupita ku mpikisano wa zisudzo wa ATEM kapena ku NASFEST, mukudziwa kuti tsiku la mpikisano silisuntha. Munagawa masabata a kuyeserera, munasaka zovala, munakambirana ndi ahedi ndi makolo, munapeza galimoto, ndipo mwana wotenga mbali yaikulu atadwala malungo kutatsala masiku awiri, munali ndi wina womulowa m'malo. Ku maphunziro a mapulojekiti zonsezi zili ndi mitu yakeyake ndipo anthu amalipira kuti aziphunzire. Inu munaziphunzira ndi thukuta.

Chimene ambiri a zaluso alibe ndi mbali ya ndalama ndi mapepala: kupanga bajeti yokhala ndi mizere yake, kutenga makoteshoni atatu musanagule chinthu, kulikwideta ndalama za ulendo ndi malisiti ake onse, kuwerenga logframe (tebulo losonyeza zolinga za pulojekiti, zochita zake ndi mmene zotsatira zidzayezedwere), kulemba lipoti la miyezi itatu loti wopereka thandizo aliwerenge osakwinya nkhope. Anthu okhala pa intavyu sakayika kuti mungasonkhanitse mudzi wonse pansi pa mtengo n'kuuyankhulitsa. Chimene chimawadetsa nkhawa n'chakuti, uyu tikamupatsa K20 miliyoni ya zochitika za kotala ino, abwera ndi mapepala okwanira? Njira iliyonse m'munsimu ndiiyeza ndi muyeso umenewu: kodi ikutseka mpata umenewu, ndipo pa mtengo wanji?

Kulowera ku mabungwe amene amagwiritsa ntchito luso

Iyi ndiyo njira imene yadutsitsa anthu ambiri kuno kwathu, ndipo ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1980, Chancellor College Travelling Theatre, pansi pa aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, inkapita m'midzi kukachita zisudzo zokambirana za umoyo ndi chitukuko pamodzi ndi eni mudzi. Mbewu imeneyo inamera. CRECCOM ya ku Zomba, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 kuchokera ku ntchito yolimbikitsa maphunziro a atsikana ya GABLE, inamanga ntchito yake pa zisudzo za chitukuko. Story Workshop ku Blantyre inatchuka ndi masewero a pa wayilesi. Kulinso ArtGlo ndi YONECO ku Zomba konko, ndi Music Crossroads ku Lilongwe. M'mabungwe otere digiri ya zaluso simuyenera kuipepesera. Ndiyo imene akuifuna.

Mumalowa ngati wotsogolera zokambirana, wophunzitsa magulu a achinyamata kapena Field Officer. Ubwino wake ndi woti mukuphunzira uku mukulandira, ndipo mukuphunzira zinthu zimene palibe buku la kunja lingakuuzeni. Mumadziwa kuti pulojekiti siyamba m'boma isanakaonekere ku DEC, komiti ya akuluakulu a maofesi pa boma, kuti kuchoka apo muyenera kudzera ku makomiti a chitukuko a m'dera ndi a m'mudzi (ADC ndi VDC), kuti agulupu akapanda kuuzidwa mwaulemu msonkhano wanu udzakhala wa ana okhaokha, ndiponso kuti nkhani ya alawansi ikapanda kumveka bwino pachiyambi imatha kugwetsa maphunziro a masiku atatu tsiku loyamba lomwelo.

Koma msampha wake ndi waukulu, ndipo ndaona anthu aluso kwambiri atakodwamo. Mukakhala katswiri pa siteji, bungwe limakusungani pomwepo. Mumakhala "wa drama uja" zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, pamene mnzanu amene analowa limodzi nanu ndi digiri ya Social Science wakwera kawiri chifukwa ndiye amalemba malipoti a ntchito imene mumagwira inuyo. Mankhwala ake ndi kupempha dala ntchito zotopetsa. Uzani abwana anu kuti bajeti ya ulendo wa ku Machinga muipanga ndinu. Lipoti la mwezi lembani nokha, alikonze ndi cholembera chofiira, mulembenso. Khalani pafupi ndi wa kalondolondo ndi kuunika ntchito (M&E) muone mmene amaikira mafunso mu KoboToolbox, pulogalamu yochitira kafukufuku pa foni, ndipo pa nthawi yolemba pulopozo musathawe n'kumati zimenezo n'za akuluakulu. Chaka chimodzi chotere chimalemera kuposa satifiketi iliyonse yomwe nditchule pansipa.

Vuto lina si la inu. Makontirakiti a m'mabungwe ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo amadalira thumba la kunja. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, mapulojekiti ambiri a zaumoyo ndi maphunziro anatsekedwa, ndipo anthu odziwa ntchito a zaka khumi kapena kuposa anabwerera pa msika kukalimbirana malo omwewo amene inu mukufuna. Khomo ili likadalipo, koma lachepa.

Kuyendetsa kanthu kanukanu

Ngati bungwe silikukuitanani, mbiri mungaipange nokha. Zikondwerero monga Tumaini, yomwe inayamba ku Dzaleka mu 2014, Blantyre Arts Festival, Sand Music Festival ndi Lake of Stars zimafuna manja ambiri kuseri kwa siteji. Mukadzipereka, musasankhe zolandira alendo otchuka. Pemphani mayendedwe a oimba, ndandanda ya siteji kapena kawerengedwe ka matikiti, chifukwa kumeneko n'kumene kuli nthawi, ndalama ndi mikangano, zinthu zitatu zimene adzakufunseni pa intavyu.

COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, imakhala ikuitanitsa mapulopozo a Copyright Fund. Ndalama zake si zochuluka, koma kulemba pempho, kulandira, kugwiritsa ntchito ndi kubweza lipoti lokhala ndi malisiti ndi ulendo wonse wa pulojekiti, kungoti waung'ono. Kwa mphunzitsi wa ku pulayimale mwayi uli pakhomo pomwepo: ndalama zotukulira sukulu za SIG zimafuna pulani ya sukulu, kukambirana ndi komiti ndi PTA, kugula motsata ndondomeko ndi kupereka lipoti kwa a PEA. Aphunzitsi ambiri amaithawa ntchito imeneyi chifukwa ilibe kangachepe. Amene akufuna kusintha ntchito ayithamangire.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti ndi yochedwa, siilipira, ndipo palibe amene amakukonzani mukalakwitsa. Komanso umboni wake umasowa msanga ngati simuusunga. Sungani bajeti, lipoti, kalata yothokoza ya pa pepala la bungwe, ndi dzina la munthu amene angakuchitireni umboni.

Project DPro

Pa masatifiketi onse, iyi ndiyo ndingauze wa zaluso aliyense kuti ayambire. Inayamba cha m'ma 2010 ndi dzina lakuti PMD Pro, n'kusinthidwa dzina mu 2020, ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la PM4NGOs. Inalembedwera anthu ogwira ntchito za chitukuko, osati omanga milatho kapena opanga mapulogalamu a kompyuta. Buku lake ndi laulere pa intaneti, maphunziro okonzekera aulere amapezeka pa malo monga Kaya, ndipo mayeso ake oyamba, a mafunso 75 osankha yankho, mtengo wake ndi madola makumi ochepa chabe.

Chimene chimaisiyanitsa n'chakuti imayankhula chiyankhulo cha ofesi imene mukufuna kulowamo. Imakuyendetsani kuyambira pozindikira vuto, kukhazikitsa pulojekiti, kupanga pulani, kugwira ntchito mpaka kutseka. Imakuphunzitsani logframe, tchati cha Gantt chosonyeza nthawi yogwirira ntchito iliyonse, kaundula wa zinthu zomwe zingasokoneze ntchito, ndi kagawidwe ka maudindo koti aliyense adziwe chake. Amene anachitapo zisudzo za chitukuko akafika pa mtengo wa mavuto, pomwe vuto limakhala thunthu, zoyambitsa n'kukhala mizu ndipo zotsatira n'kukhala nthambi, amaseka, chifukwa ndi zomwe ankachita ndi anthu a m'mudzi asanapange sewero. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano azijambula pa pepala loti wopereka thandizo asainire.

Ili ndi abale ake: MEAL DPro ya kalondolondo ndi kuunika ntchito, ina ya kayendetsedwe ka ndalama, ndi Program DPro ya amene akuyang'anira mapulojekiti angapo. Kwa wa zaluso, ya ndalamayo ndiyo ndingaike pachiwiri, poti mpata uja uli pamenepo.

Malire ake muwadziwe. Ku banki, ku kampani ya mafoni kapena ya zomangamanga ambiri sanaimvepo. Ndipo poti ndi yotsika mtengo, ambiri ali nayo, choncho payokha siikupatsani ntchito. Imangochititsa kuti wowerenga CV asaime pa mawu akuti "Drama" n'kuiponya pambali.

Satifiketi ya Google ndi CAPM

Izi ziwiri ndi za oyamba kumene. Ya Google inatuluka mu 2021 pa tsamba la maphunziro a pa intaneti la Coursera, imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo eni ake amati imatenga pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi ukamaipatsa maola khumi pa sabata. Imaphunzitsa bwino, makamaka njira za Agile ndi Scrum zomwe zimagwiritsidwa ntchito m'makampani a zaukadaulo. Koma ndi mavidiyo ambiri, kutanthauza bando yambiri, ndipo zitsanzo zake ndi za maofesi a ku America. Ngati maso anu ali pa ntchito za pa intaneti kapena pa makampani opanga mafilimu, zotsatsa malonda ndi mapulogalamu, ndi yothandiza. Ngati ali pa bungwe la ku Mangochi, Project DPro ikufikitsani msanga.

CAPM ndi ya Project Management Institute (PMI) ya ku America, yomwe inayamba mu 1969. Imafuna satifiketi ya sekondale ndi maola 23 a maphunziro, osafunsa zaka za ntchito. Kunena zoona, pa msika wa kuno sindiiona ikubweza ndalama zake. Amene amadziwa PMI amafuna PMP, satifiketi yake yaikulu. Amene saidziwa, CAPM siiwauza kanthu.

PMP ndi PRINCE2

PMP ndiyo ili ndi dzina lolemera dziko lonse, koma si khomo lolowera. Malamulo ake akhala akuti wa digiri akhale ndi miyezi 36 yotsogolera mapulojekiti, wopanda digiri miyezi 60, kuphatikizapo maola 35 a maphunziro. Mayeso ake ndi a mafunso pafupifupi 180, a maola oyandikira anayi, ndipo ambiri mwa mafunsowo amakupatsa vuto n'kufunsa chimene ungachite poyamba. Mtengo wake umaposa madola 400, osawerengera maphunziro okonzekera, ndipo zaka zitatu zilizonse uyenera kusonyeza maola 60 a kuphunzira kwina n'kulipiranso kuti isafe. PMI imasintha malamulo ndi mitengo nthawi ndi nthawi, choncho onani pa tsamba lawo musanayambe kusunga ndalama.

Madola amenewa muwaganizire m'makwacha a lero. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kulipira kunja ndi khadi la ku banki kumavuta chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Mukasankha kulembera mayeso kunyumba, kamera imakhala ikukuyang'anani nthawi yonseyo, ndiye magetsi kapena intaneti zikathawa pakati, mutu umauma.

Nkhani yabwino kwa a zaluso ndi yakuti miyezi 36 ija siifuna kuti udindo wanu ukhale wotchedwa Project Manager. Kutsogolera chikondwerero, kupanga sewero la pa wayilesi la magawo makumi awiri, kukhazikitsa pulogalamu ya nyimbo m'sukulu zingapo, zonsezi zingawerengedwe ngati zinali ndi poyambira, pothera ndi chotuluka chake, ndipo ngati pali munthu woti angavomereze PMI ikafuna umboni. Kuphunzitsa kwa tsiku ndi tsiku sikuwerengedwa, ngakhalenso zimene munachita muli wophunzira kuti mukhoze kosi.

PRINCE2 inachokera ku boma la Britain mu 1996, ndipo kuyambira 2021 ili m'manja mwa PeopleCert. Ili ndi magawo awiri, Foundation ndi Practitioner, ndipo loyambalo silifunsa zaka za ntchito. Mphamvu yake ili pa kulongosola amene ali ndi ulamuliro wovomereza chiyani, ndi nthawi yomwe nkhani iyenera kukwera kwa akuluakulu. Kwa Amalawi amene ali ku UK ndipo akufuna kuchoka ku ntchito zosamalira okalamba kupita ku makhonsolo, ku zipatala za boma (NHS) kapena ku mabungwe a zachikhalidwe, imeneyi ndiyo imaoneka kawirikawiri m'zotsatsa ntchito. Kwa amene ali ku Joni, zonse ziwiri zimadziwika. Kuno kumudzi ndingadikire mpaka bwana atanena kuti alipira.

Digiri yachiwiri

Iyi ndiyo anthu amaithamangira poyamba, chifukwa kwathu kuno pepala lalikulu limalemekezedwa. Ndipo zoona, pali malo amene popanda masitazi simufikapo: maudindo akuluakulu a m'mabungwe a United Nations, kapena m'maofesi oyendetsa mapulojekiti a boma othandizidwa ndi World Bank, monga a zamaphunziro aja a EQUALS ndi SAVE. Koma malo omwewo amafunanso zaka zambiri za ntchito. Munthu wa masitazi ya Project Management amene sanagwirepo bajeti amakhala pakati: ntchito zazing'ono amati wapitirira, zazikulu amati sanafike. Zaka ziwiri ndi mamiliyoni zapita, mpata uja uli pomwepo.

Mukafika poifuna, funso ndi lakuti ya chiyani. MBA, masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi, monga za ku MUBAS kapena ESAMI, imakutsegulirani ku makampani ndipo imakukakamizani kuphunzira akawunti, chinthu chomwe wa zaluso amachizemba. Ya Development Studies imakusungani m'mabungwe. Palinso ina imene ambiri saiganizira: kayendetsedwe ka zaluso ndi chikhalidwe, monga Cultural Policy and Management ya ku Wits ku Johannesburg kapena Arts Administration and Cultural Policy ya ku Goldsmiths ku London. Imeneyi siikuchotsani ku luso lanu, imakuikani poliyendetsa, ngakhale kuti malo olipira bwino a mtundu umenewu kuno ndi owerengeka. Sikolashipi ya boma la Britain ya Chevening imalipira masitazi ya chaka chimodzi ku UK, koma imafuna zaka ziwiri za ntchito ndi lonjezo lobwerera kwanu kwa zaka ziwiri, ndipo pofunsira imafuna nkhani zenizeni za utsogoleri, zomwe zimachokera ku njira ziwiri zoyamba zija. Sukulu iliyonse ya m'dziko muno, yang'anani kaye ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, musanapereke tambala.

Za udindo wa pulogalamu

Ambiri amafunsira Project Officer ndi Programme Manager tsiku limodzi ngati ndi ntchito imodzi. Woyendetsa pulojekiti amakhala ndi chinthu chimodzi choti achimalize: magulu a zisudzo makumi atatu aphunzitsidwe pofika Seputembala, ndalama zisapitirire. Woyendetsa pulogalamu amakhala ndi mapulojekiti angapo, opereka thandizo osiyanasiyana, aliyense ndi fomu yake ya lipoti, ndi antchito oti awayang'anire. Tsiku lake limathera m'misonkhano, mu Excel ndi m'makalata, ndipo ayenera kudziwanso zofuna za NGORA, yomwe imayang'anira mabungwe omwe si a boma, ndi za MRA. Kumudzi amapitako mwa apo ndi apo, nthawi zambiri poperekeza alendo.

Ndikunena izi chifukwa ena amafika pamwambapo n'kupeza kuti chimene ankachikonda chatsala pansi. Si kulephera kusankha kukhala katswiri wa njira zofikira anthu, amene mabungwe tsopano amamutcha wa SBC, m'malo mokhala bwana wa pulogalamu. Malipiro ake amatha kuyandikana, ndipo luso lanu limakhalabe m'manja.

Ndiye wotani adzere kuti?

Amene wangomaliza kumene digiri ndipo alibe ntchito, asakongole ndalama za satifiketi yodula. Awerenge buku la Project DPro, aphunzire Excel mpaka azitha kupanga bajeti yodziwerengera yokha, ndipo apeze pogwira, kaya ndi chikondwerero kaya ndi bungwe laling'ono la m'boma lakwawo. Amene ali kale m'bungwe ngati wa zisudzo, vuto lake si pepala. Apemphe mzere wa bajeti ndi lipoti, kenako alembe mayeso, ndipo zaka zitatu zikakwana ayambe kuyang'ana PMP, makamaka ngati bungwe lingathandize kulipira.

Mphunzitsi wa m'boma ndiye ayende mosamala kuposa onse. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Malipiro a boma ndi ochepa koma amabwera, ndipo kumapeto kuli penshoni. Kontirakiti ya miyezi khumi ndi iwiri ingathe ndi imelo imodzi yochokera ku likulu la kunja. Mangani mbiri muli pantchito: SIG, mpikisano wa zoni, ntchito za patchuthi ndi mabungwe amene amagwira ndi sukulu. Musanalembe kalata yosiya, funsani ku ofesi ya za antchito chimene chichitike ndi zaka zanu za penshoni, ndipo funsani bungwe lokuitananilo kuti ndalama za pulojekitiyo zasainidwa mpaka liti komanso zikuchokera kwa ndani.

CV nayo isinthe kalembedwe. "Ndinali patironi wa kalabu ya zisudzo" sizimuuza kanthu wolemba ntchito. Lembani kuti munatsogolera ana angati, kwa miyezi ingati, ndi ndalama zingati zochokera kuti, munagwira ndi ndani, ndipo chinatuluka n'chiyani. Manambalawo akhale oona, chifukwa pa intavyu adzakufunsani kuti mayendedwe anadya zingati pa ndalamazo, ndipo zotsala munazibweza kwa yani.